Sola yolipira pang'onopang'ono ndi sola yogula kumsika: iti ikuyenera wabizinesi yaing'ono?

Anzanga omwe ali ndi maokala, malo ometera ndi malo otchajira mafoni akhala akundifunsa ngati kuli bwino kutenga sola ya ngongole ku kampani kapena kusonkhanitsa ndalama n'kukagula okha panelo ndi batire kumsika. Funsoli linakula chichokereni Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, moti ngakhale olumikizidwa ndi ESCOM anayamba kudalira dzuwa.

Njira yolipira pang'onopang'ono inatchuka ku Kenya ndi kampani ya M-KOPA, yomwe inatsamira pa M-Pesa, njira yotumizira ndalama pafoni, ndipo kuno makampani monga Yellow ndi Zuwa Energy amatsata njira yofananayo. Mumapereka dipoziti, kenako mumatumiza ndalama pafoni n'kulandira nambala yotsegulira chipangizocho kwa masiku omwe mwalipira. Nzeru yake yagona poti munthu amene banki singamukongoze chifukwa chosowa chikole akukongozedwa, popeza chikolecho ndi chipangizo chomwecho, chimene chimadzitseka mukasiya kulipira.

Pa mtengo, msika umapambana mosakayikitsa. Mukaphatikiza zonse zomwe mudzapereke ku kampani mpaka ngongole itatha, zimaposa mtengo wogulira pakamodzi, ndipo masiku olipiridwa amatha kaya kasitomala wabwera kaya sanabwere, kotero kuti mu Febuluwale, ndalama zikamasowa m'midzi, ndi pamenenso chipangizo chimatsekeka. Funsani wogulitsa kuti akuwerengereni chiwerengero chonse musanasaine.

Komabe chimene chinandiwawa ine ndi batire ya kumsika. Wamalonda wina anandigulitsa batire yomwe anailumbirira kuti ndi ya sola, pamodzi ndi panelo yolembedwa mawati ochuluka kuposa omwe inkatulutsa, ndipo za kachipangizo koteteza batire kuti isadzaze mopitirira kapena kukhuthuka yonse, kamene amisiri amati charge controller, sanatchuleko. Batire za mtovu ndi asidi sizipirira kukhuthulidwa mpaka pansi usiku uliwonse, makamaka zagalimoto, zomwe zinapangidwira kupereka mphamvu yambiri kwa kanthawi kochepa polizira injini. Itafika nyengo ya chiperoni, mitambo itaphimba dzuwa, batireyo sinadzazenso, ndipo chaka chisanathe inali itafa. Nditabwerera kwa wamalondayo anangondilozera mawu a pa lisiti akuti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Kumeneko ndiko kutaya ndalama kwenikweni, pakuti batire ndi gawo lodula la sola yonse, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Batire yakufayo imasandukanso vuto lina: ambiri amaitaya kuseri kwa nyumba kapena kuiphwanya kuti agulitse mtovu, womwe ndi poizoni makamaka kwa ana. Zipangizo zambiri za makampani zimabwera ndi batire ya lithium, yomwe imakhalitsa, komanso waranti, ndipo kampani ili ndi chifukwa chokonzera msanga zikawonongeka, popeza kasitomala amene ali mumdima salipira.

Pa mphamvu, zipangizo zing'onozing'ono za ngongole zimakwanira mababu, wailesi, mafoni ndi kanema basi. Firiji ya zoziziritsa kukhosi siingayendere pamenepo. Wofuna firiji aitane mmisiri wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, kuti amuwerengere kukula kwa panelo, batire ndi inverter (chipangizo chosintha magetsi a m'batire kuti akhale ngati a ESCOM), osati kudalira pakamwa pa wogulitsa.

Kwa wa okala ndi wotchaja mafoni, ine ndimawatumiza ku kampani, ngakhale ndikudziwa kuti adzalipira zambiri. Kumsikako ndimakagula mawaya ndi mababu, koma batire ayi.