Rey, WHO/UCLA kapena CERAD: tiyeze ndi uti kukumbukira kwa olankhula Chisinhala?

Pa mayeso a kukumbukira ngati a Rey, woyeza amatchula mawu 15, limodzi pa sekondi, woyezedwa n'kubwereza amene wagwira. Amatero kasanu, kenako amamusokoneza ndi mndandanda wina, ndipo pakadutsa mphindi 20 kapena 30 amamufunsanso oyamba aja. Tiyerekeze kuti mayi wa zaka 68 wa ku Kandy, mzinda wa ku Sri Lanka, dziko limene ambiri amalankhula Chisinhala, wakumbukira 7. Kodi amenewo ndi matenda oiwalaiwala, kapena ndi mmene amachitira anzake amsinkhu wake amene analekezera sukulu kalasi yomweyo? Yankho lagona pa mawu amene mwasankha ndi anthu amene mukumuyerekeza nawo.

Mndandanda wakale ndi wa André Rey, katswiri wa za maganizo wa ku Switzerland, umene ambiri amaudziwa kuti RAVLT. Ubwino wake ndi woti wafufuzidwa kwambiri, ndipo mawu ake ndi osagwirizana, choncho munthu sangawamange m'magulu kuti apepukidwe. Koma taonani mawuwo mu Chingerezi: ng'oma, katani, belu, khofi, chipewa, nkhukundembo. Nkhukundembo si mbalame imene mlimi wa mpunga ku Sri Lanka amaitchula tsiku ndi tsiku, ndipo liwu lachilendo limavuta kugwira ngakhale mutu uli bwinobwino. Pali vuto linanso. Chisinhala cholemba chimasiyana kwambiri ndi cholankhula, moti womasulira akatola liwu la m'mabuku amakondera ophunzira asanayambe n'komwe kuyeza.

Wa WHO/UCLA (WHO ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse, UCLA ndi yunivesite ya ku Los Angeles) unapangidwa dala kuti uthawe zimenezi. Mario Maj ndi anzake anaufalitsa mu 1993 pa kafukufuku wa WHO wa momwe kachilombo ka HIV kamakhudzira ubongo, yemwe anachitika ku Bangkok, Kinshasa, Munich, Nairobi ndi São Paulo. Kayezedwe kake n'kofanana ndi ka Rey, koma mawu 15 aja amachokera m'magulu asanu odziwika paliponse: ziwalo za thupi, nyama, zida, katundu wa m'nyumba ndi zokwera. Mkono, mphaka, nkhwangwa, bedi, ndege, khutu, galu. Palibe agogo amene angadabwe nawo. Ndipo uwu ndi umene Tharaka Dassanayake ndi anzake a pa yunivesite ya Peradeniya ku Sri Lanka anaupezera milingo ya akuluakulu olankhula Chisinhala (malikisi a anthu abwinobwino oyerekezera nawo wodwala), yofalitsidwa mu 2020, yoganizira zaka, maphunziro komanso ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi.

Chenjezo langa pa umenewu ndi limodzi, ndipo ndi lalikulu. Popeza mawu ake ali m'magulu, munthu wochenjera amazindikira msanga kuti galu, mphaka ndi hatchi zimayendera limodzi, n'kuzikumbukira pamodzi. Malikisi ake ndiye sangawerengedwe pa tebulo la Rey, ngakhale mayeso awiriwa akuoneka ngati mapasa.

CERAD, mndandanda wa gulu la ku America lofufuza matenda oiwalaiwala a Alzheimer, ndi wamfupi: mawu 10, katatu. Kwa nkhalamba yotopa pa chipatala chodzaza anthu ndi wachifundo. Poyamba woyezedwa ankawerenga yekha mawuwo pa makadi, koma gulu la 10/66, lofufuza matenda oiwalaiwala m'mayiko osauka, limachita kumuwerengera ndipo linasinthako mawu ena. Kwa munthu wa zaka 35 amene wavulala mutu pangozi ya pamsewu, mawu 10 ndi ochepa. Angathe kuwapeza pafupifupi onse vuto lilipo.

Tsono milingoyo ikonzedwe motani? Njira yakale ndi tebulo: zaka 50 mpaka 59 bokosi lawo, 60 mpaka 69 lawo. Ndi losavuta kuwerenga, koma wa zaka 59 ndi wa zaka 60 amagwera m'mabokosi osiyana pamene akusiyana ndi miyezi yochepa, ndipo mukagawanso potengera maphunziro ndi kuti ndi amayi kapena abambo, mabokosi ena amatsala ndi anthu owerengeka. Njira ya masamu yotchedwa regression imagwiritsa ntchito anthu onse oyezedwa kupanga chiwerengero chimodzi: mulowetsa zaka 68, zaka za sukulu, mkazi, ndipo chimakuuzani malikisi oyembekezeka kwa mayi ameneyo. Imafuna kompyuta kapena kakyuleta, ndipo siidalirika kwa anthu amene anali ochepa m'kafukufuku, monga amene sanapondeko m'kalasi. Ku Sri Lanka sukulu yakhala yaulere kuyambira 1945, choncho oterowo si ambiri, koma ndi amene amavulala kwambiri akaweruzidwa molakwa.

Ine ndingasankhe WHO/UCLA ndi milingo ya ku Peradeniya kwa wamkulu aliyense wolankhula Chisinhala, CERAD ndikumusungira okalamba kwambiri. Wodwala akalowa akulankhula Chitamil, monga amachitira pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi m'dzikolo, milingo ya Chisinhala muiike pambali, chifukwa mawu ake ndi ena ndipo oyerekeza nawo akhalenso ena.