Wangofika kumene ku London: ubwereke Santander kapena ugule njinga yako?

Santander Cycles ndi njinga zobwereka polipira za mu London, zinayamba mu 2010 zili ndi dzina loti Barclays Cycle Hire, umatenga pa dock (malo oimikapo njingazi) ndi khadi kapena app, kenako nkukasiya pa dock ina. Njira ina ndi kugula yogwiritsidwa kale ntchito pa Gumtree kapena Facebook Marketplace.

Ndalama: Santander umalipira pang'onopang'ono koma ukamapalasa tsiku ndi tsiku zimachuluka. Yako umalipira kamodzi basi, kuonjezera loko wolimba ndi magetsi, loyera kutsogolo lofiira kumbuyo, usiku ndi lamulo limenelo.

Ikaphwa tayala: ya Santander si mutu wako. Yako umamata wekha.

Akuba: apa ndiye pofunika kusamala abale, London amaba njinga koopsa, ndiye uziimanga pa fulemu osati pa tayala, uilembetsenso pa BikeRegister (kaundula wa njinga ndi eni ake), ndipo ukaona yotchipa modabwitsa usagule, mwina njobedwa.

Kofika: ma dock ali pakatikati pa mzinda, Hyde Park ndi Regent's Canal ufika bwinobwino, koma ngati ukukhala Croydon kapena Barking kulibeko. Komanso njingazi nzolemera.

Wokhala pakati, m'kachipinda kopanda poisunga, abwereke. Wokhala kutali amene akufuna kudziwa dera lake, msika, tchalitchi, njira zachidule, agule yake. Mwayi wake ku London pamsewu amayenda kumanzere ngati kwathu.