Cron, anacron ndi systemd timer: iti ingadalirike pa backup magetsi akamathimathima

Chaka cha 2024 madzi atachepa ku damu la Kariba lomwe limapanga magetsi, maseva ambiri mu Lusaka ankakhala ozima maola ochuluka. Choncho posankha pakati pa cron, anacron ndi systemd timer, mapulogalamu a Linux oyambitsa ntchito nthawi yake ikakwana, kuti azikupangirani backup (kopi yosungira ya mafayilo anu), yambani mwafunsa kuti: nthawi ikakwana seva ili yozima, chichitike n'chiyani?

Cron ndiye yophweka. Mzere umodzi mu crontab (fayilo ya ndandanda ya ntchito za cron), `0 2 * * * /usr/local/bin/backup.sh`, basi: backup iziyamba 2 koloko usiku uliwonse. Koma 2 koloko ya usiku ikakwana kulibe magetsi, tsikulo ladumphidwa ndipo simuuzidwa. Ilinso ndi mbuna zake: PATH yake (mndandanda wa mafoda omwe imafufuzamo mapulogalamu) nthawi zambiri imangokhala /usr/bin ndi /bin, ndipo chizindikiro % imachiwerenga ngati mzere watsopano, motero `date +%F` imalephera mukapanda kulemba `\%`. Backup ya dzulo ikachedwa kutha, cron imayambitsa ina pamwamba pake, pokhapokha mutaikapo `flock -n`, loko yoletsa yachiwiri kuyamba yoyamba isanathe.

Systemd timer imafuna mafayilo awiri, backup.service ndi backup.timer. Mu timer lembani `OnCalendar=*-*-* 02:00:00` ndi `Persistent=true`, kenako `systemctl enable --now backup.timer`. Seva ikayaka 6 koloko m'mawa, ntchito yophonyedwa ija imayamba pomwepo. Siyambitsa yachiwiri yoyamba isanathe, ndipo zonse zomwe zachitika mumaziona ndi `journalctl -u backup.service`. Chotikopa kwambiri ndi mzere wa `RequiresMountsFor=/mnt/backup` mu backup.service. Disiki yakunja ikapanda kulumikizika seva itayakanso, rsync, pulogalamu yokopera mafayilo, imathira zonse mu foda yopanda kanthu pa disiki yaikulu mpaka kuidzaza. Mzere umenewu umatseka khomo limenelo. Pa cron muyenera kudzitetezera nokha ndi `mountpoint -q /mnt/backup`.

Anthu amainyoza anacron kuti ndi yakalekale, komatu pali pomwe imaposa zinzakezi. Imalemba deti mu /var/spool/anacron ntchito ikatha, pomwe systemd imalemba ntchito ikangoyamba. Ndiye magetsi akathima backup ili pakati, anacron idzayambanso seva ikayaka, koma timer idzati za lero zatheka n'kudikira mawa. Vuto lake n'lakuti imawerenga masiku okha. Simungaiuze kuti iyambe 2 koloko yeniyeni, kapena maola anayi alionse.

Ife tingasankhe systemd timer pa Ubuntu kapena Debian ya masiku ano, ndipo sikiripiti izilemba kafayilo kosonyeza kuti yamaliza bwino, kuti yodukira panjira izidziwika. Ngati backup yanu imatenga maola atatu kapena kuposa ndipo UPS (batire yosunga seva yoyaka magetsi akathima) siingapirire nthawi yonseyo, tengani anacron. Cron yokha isiyireni seva ya ku data centre komwe kuli jenereta.

Musaiwalenso wotchi. Seva zambiri zimabwera zili pa UTC, nthawi ya padziko lonse yomwe ili m'mbuyo mwa ya Lusaka ndi maola awiri, ndiye 02:00 yanu imakhala 04:00 ya kuno. Konzani ndi `timedatectl set-timezone Africa/Lusaka`, kenako muyambitsenso cron kuti itsatire nthawi yatsopanoyo.