Seva ya backup nayo ikafa: rsync, Borg, restic kapena Bacula?

Anthu ambiri posankha pulogalamu ya backup, yosunga makope a mafayilo kuti asatayike, amafunsa kuti imakopera mwachangu bwanji komanso imadya malo ochuluka bwanji. Amenewo ndi mafunso a tsiku labwino. Ine ndimafunsa za tsiku loipa: seva yaikulu yazima, makina osungira makope nawonso sakuyaka, ndipo mwatsala ndi disiki imodzi m'manja ndi kompyuta yobwereka. Kodi mukufunikanso chiyani kuti muwerenge zimene zili pa disikiyo? Mapulogalamu ooneka ofanana amasiyana kutali pa funso limeneli.

Yosavuta pa onse ndi rsync, yomwe Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anaitulutsa mu 1996. Mafayilo amakhala mmene analili. Mumalumikiza disiki pa makina ena, mumatsegula foda, mumatenga chimene mukufuna, popanda kiyi, popanda mndandanda wina woti muyambe mwaupeza. Ubwino umenewu musauchepetse. Koma rsync payokha ili ngati kalilole, imangoonetsa zimene zilipo lero. Fayilo ikawonongeka Lolemba, Lachiwiri kope lake limakhalanso lowonongeka, ndipo ngati munaika --delete, chimene mwafufuta mwangozi chimafufutikanso ku backup usiku womwewo. Njira yopewera zimenezi ndi --link-dest kapena rsnapshot, zomwe zimapanga foda ya tsiku lililonse popanda kubwereza mafayilo amene sanasinthe. Zimagwira ntchito bwino, kungoti tsiku lomwe mudzafune kusamutsira mafoda onsewo pa seva yatsopano, mudzafunika -H kuti ma hard link, amene amalola mafoda ambiri kugawana fayilo imodzi, asaduke, ndipo mafayilo akakhala mamiliyoni ntchitoyi imadya RAM ndi nthawi yambiri. Pobwezeretsa musaiwalenso --numeric-ids. Kompyuta imene mwayatsa ndi USB ili ndi mayina ndi manambala akeake a ogwiritsa ntchito, ndiye mukapanda kutero mudzapeza mafayilo a database ali m'dzina la munthu wolakwika, database n'kukana kudzuka.

Mpikisano weniweni uli pakati pa BorgBackup (Borg mwachidule) ndi restic, ndipo awiriwa ndi amene ndimalimbikitsa anthu ambiri. Onse amadula mafayilo m'tizidutswa, kachidutswa kalikonse n'kusungidwa kamodzi kokha ngakhale kakupezeka m'makope 200. Onse amatha kutseka deta ndi encryption, ndiponso amakulolani kutsegula kope la tsiku linalake ngati foda wamba kudzera pa borg mount kapena restic mount. Mtengo wake ndi wakuti mukasuzumira m'disiki ndi maso simuona fayilo ngakhale imodzi yodziwika. Popanda pulogalamuyo ndi mawu achinsinsi, mulibe kanthu.

Nkhani ya kiyi ndi pamene ndimafuna muime kaye. Borg ili ndi njira ziwiri. Pa repokey, kiyi amakhala m'kati mwa nkhokwe ya makopeyo ndipo inu mumangofunika mawu achinsinsi. Pa keyfile, kiyi amakhala pa makina amene akukoperedwawo, mu ~/.config/borg/keys. Makinawo akafa, kiyi wapita nawo, ndipo nkhokwe yonse, ngakhale ili bwinobwino, yasanduka manambala opanda tanthauzo. Palibe amene angakutsegulireni, ngakhale olemba pulogalamuyo. N'chifukwa chake pali lamulo la borg key export, lomwe ndi --paper limakupatsani kiyi woti musindikize papepala. Restic sikupatsani chisankho chotere: kiyi amakhala m'nkhokwe nthawi zonse, wotsekedwa ndi mawu achinsinsi. Apa restic ndi yovuta kulakwitsa. Komabe msampha ulipo pa onse awiri, chifukwa kuti backup izichitika yokha usiku, mawu achinsinsi amalembedwa m'kafayilo pa seva. Ngati palibenso kwina kumene analembedwa, seva ikafa mwatsekeredwa kunja.

Kwina kumene amasiyana ndi malo osungira. Borg, yomwe inachokera ku Attic mu 2015, imayenda bwino kwambiri pa SSH, njira yotetezeka yolumikizira makina awiri, pamene mbali inayo nayo ili ndi Borg. Ndi ya Linux, BSD ndi macOS. Restic ndi fayilo imodzi yokha yolembedwa mu Go, imayenda ngakhale pa Windows, ndipo imalankhula mwachindunji ndi SFTP, Amazon S3, Backblaze B2 ndi ena. Pa tsiku loipa zimenezi n'zothandiza: mumangoikopera pa USB n'kuyamba ntchito. Kale anthu ankaidandaula kuti sifinya deta, koma kuyambira 0.14 ya 2022 imatero. Onse awiri ali ndi njira ya append-only, yoti seva imene yalowedwa ndi akuba izitha kuwonjezera makope koma isathe kuwononga akale, ndipo m'masiku ano a ransomware, mapulogalamu a akuba otseka mafayilo kuti mulipire dipo, ine sindingaike backup popanda imeneyi. Chisankho changa chili chonchi: ngati makina onse ndi a Linux ndipo muli ndi seva yanuyanu yosungira, tengani Borg ndi repokey. Ngati pali Windows kapena mukusungira pa cloud, tengani restic. Kumanganso seva ya backup n'kosavuta pa onse awiri, poti nkhokweyo ndi foda chabe. Mumaikopera pa makina atsopano, ndipo Borg imangokufunsani kuti mutsimikize kuti mwaisamutsa dala.

Bacula ndi Bareos, yomwe inapatuka kwa Bacula mu 2010, ndi za gulu lina. Zimayang'anira makina ambirimbiri kuchokera pamalo amodzi, zimadziwa matepi a LTO, ndipo pa bungwe lalikulu n'zoyenera. Koma pa funso lathu lija ndi zimene zimapweteka kwambiri. Chilichonse chimadalira Director, pulogalamu yoyang'anira ntchito yonse, ndi catalog, database imene imadziwa kuti fayilo yakuti ili pa tepi yakuti, pamalo akuti. Seva ya backup ikafa, catalog imafera limodzi. Ngati munasunga kwina kafayilo ka bootstrap, kothera ndi .bsr, mumagwiritsa ntchito bextract kutulutsa kope la catalog, n'kuimanganso. Ngati simunasunge, mwatsala ndi bscan, yomwe imawerenga tepi iliyonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto kuti ipangenso mndandandawo, uku anthu akudikira mafayilo awo. Ofesi ya makompyuta khumi isadzisenzetse katundu ameneyu.

Zonsezi zimabweza mafayilo, sizibweza makina. Pamafunikabe magawo a disiki, bootloader (kapulogalamu koyatsa makina) ndi madiraiva. Clonezilla imajambula disiki yonse n'kuibweza ndendende, koma makina ayenera kuzimitsidwa pojambula, disiki yatsopano isachepere yakale, ndipo kutulutsamo fayilo imodzi ndi ntchito yotopetsa. Chifukwa cha kuzimitsako anthu amajambula mwa apo ndi apo, ndiye chithunzicho chimakhala chakale. Pa Linux ndimakonda Relax-and-Recover. Imapanga ISO, fayilo yoyatsira kompyuta, yodziwa mmene disiki yanu inagawidwira, mumayatsa nayo makina atsopano, n'kulemba rear recover, ndipo imatha kutenga mafayilowo kuchokera ku Borg kapena Bareos. Seva ya backup ndi imene ikufunika ISO yotere kuposa ina iliyonse, ndipo ndi imene anthu amaiiwala.

RAID, njira yogwirizanitsa madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati imodzi, sindikuiwerengera pano. Imakutetezani disiki imodzi ikafa, basi. Ma snapshot a ZFS, zithunzi za mmene mafayilo analili pa nthawi inayake, ndi abwino zedi pobweza fayilo yofufutidwa dzulo, koma ali pa madisiki omwewo mpaka mutawatumiza kwina ndi zfs send. Ndipo "kwina" kutanthauze nyumba ina. Pa 10 March 2021 moto unapsereza nyumba ya maseva ya SBG2 ya kampani ya OVH ku Strasbourg, ku France, ndipo amene makope awo anali pamalo omwewo anataya seva ndi makope omwe. Cloud imathetsa vuto limeneli koma imabweretsa la nthawi. Kutsitsa 1 TB pa intaneti ya 100 Mbps kumatenga maola oposa 22, intaneti ikakhala kuti sikudukaduka, pamene pa waya wa gigabit m'chipinda chomwecho ndi maola awiri ndi pang'ono. Choncho kope lapafupi ndi lobwezeretsera msanga, lakutali ndi la tsiku la moto, ndipo limodzi silingalowe m'malo mwa linzake.

Pa kuyesa makope, nkhani ya kampani ya GitLab ya pa 31 January 2017 imanena zambiri, ndipo eni ake anaifotokoza okha poyera. Database yawo yaikulu inafufutidwa mwangozi, ndipo atatembenukira ku makope anapeza kuti pg_dump, pulogalamu yokopera database, inali ikulephera mwakachetechete chifukwa inali ya PostgreSQL 9.2 pomwe database inali 9.6, maimelo ochenjeza nawo sankafika. Chinawapulumutsa ndi snapshot yojambulidwa maola 6 m'mbuyomo. Apanso Borg ndi restic zimaposa rsync, chifukwa borg check --verify-data ndi restic check --read-data zimawerenga kachidutswa kalikonse n'kutsimikiza kuti sikanawole. Koma zimenezo sizikuuzani ngati database idzadzuka. Zimenezo mumadziwa pokhapokha mutaibwezeretsa pa makina ena n'kuiyatsa.

Ngati palibe kope lililonse, mwatsala ndi zida zopulumutsira, ndipo chachikulu apa ndi dongosolo. Lekani kulemba chilichonse pa disikiyo. Yambani ndi GNU ddrescue kukopera disiki yonse pa ina, ndipo ipatseni mapfile, kafayilo kolembamo pamene yafika, kuti ikaima idzapitirize pomwe inalekera. Zina zonse muchitire pa kopelo. TestDisk imakonza magawo otayika, ndipo ikatheka mafoda ndi mayina amabwerera. PhotoRec imafufuza mafayilo ndi zizindikiro zawo ngakhale filesystem itatheratu, koma imakupatsani zikwi za mafayilo a mayina ngati f1234567.jpg opanda mafoda. Disiki ikamalira kuti tiki tiki, izimitseni mupite nayo kwa akatswiri. Pa SSD chiyembekezo n'chochepa, popeza TRIM imachotseratu zofufutidwa.

Mphindi yoopsa kwambiri ndi pamene seva yatsopano ikuyaka koyamba. Mwabwezeretsa /etc ndi crontab zakale, zomwe zimayambitsa backup yokha pa nthawi yake, koma mafoda a deta akadali opanda kanthu. Ola lake likakwana, rsync --delete idzakopera kupanda kanthuko pamwamba pa kope lokhalo limene mwatsala nalo. Borg ndi restic sizifufuta chonchi nthawi imodzi, koma prune ndi forget, malamulo awo ochotsa makope akale, zikapitiriza kuyenda, makope abwino amachoka mmodzimmodzi n'kutsala opanda kanthu. Musanalumikize makinawo pa netiweki, zimitsani cron ndi ma timer a systemd, lumikizani disiki ya backup ndi mount -o ro kuti izingowerengedwa basi, ndipo ngati muli ndi disiki yapadera, ikopereni kaye yonse musanabwezeretse fayilo yoyamba.