Chikopa choyera, cha nkhumba kapena nsalu: zam'kati mwa zisoti zakale za Germany

Anzanga osonkhanitsa zisoti zakale, ambirife tikangogwira Stahlhelm, chisoti chachitsulo cha asilikali a Germany, maso amathamangira pa penti ndi zizindikiro za kunja. Ine ndimayamba ndachitembenuza, chifukwa zam'kati zachilendo zimene ena amazithawa poganiza kuti n'zabodza, kawirikawiri ndi zimene zinabwera ndi kusowa kwa zikopa pa nkhondo ziwiri zapadziko lonse.

Tiyambe ndi M1916, chisoti chimene anachikonza Friedrich Schwerd wa ku Hannover. M'kati mwake muli lamba wachikopa wokhuthala, ndipo pa lambayo pali zikopa zitatu, chilichonse chili ndi kathumba kumbuyo koikamo kapilo, kaŵirikaŵiri ka ubweya wa hatchi. Pofika 1917 chikopa chinali chitavuta, choncho lamba uja anasanduka wachitsulo, ndipo zitatu zija zinayamba kuoneka zoyera, zofufutidwa ndi mankhwala a chrome. Kuyerako kumadabwitsa ogula atsopano, amati wina wasokerera dzulo. Ayi ndithu. Pa ziwirizi ine ndimasankha cha 1917. Lamba wachikopa amauma, kufota n'kuthetheka pa misomali yomangira, pomwe wachitsulo amangochita dzimbiri koma n'kukhalabe m'malo mwake. Komabe cha 1916 chathunthu n'chosowa, ndiye wogulitsa sakunyengererani pa mtengo.

Mkangano weniweni uli pa zam'kati za mtundu wa M1931, zija za zala zachikopa, kaŵirikaŵiri zisanu ndi zitatu, zomangidwa ndi chingwe pakati, zomwe zinalowa mu zisoti za M35, M40 ndi M42 za nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Poyamba lamba wake anali wa aluminiyamu, koma ankapindika ndi kuthyoka pomangira lamba wa pachibwano, mpaka mu 1940 anasinthira ku chitsulo chokutidwa ndi zinki. Chikopa cha nkhosa kapena mbuzi n'chofewa, chosalala, ndipo chikamwa thukuta chimada bwino pamphumi. Cha nkhumba, chimene chinachuluka nkhondo itakula, n'chokhakhala. Chiyandikizeni pa windo muone timabowo ta ubweya, timakhala titatutitatu. Sichikongola, koma ndimachikhulupirira chikakhala mu M42 pa lamba wazinki. Chikapezeka pa aluminiyamu mu M35 yoyambirira, ndimafunsa mafunso ambiri.

Za Luftschutz, zisoti za anthu wamba oteteza mizinda ku mabomba a ndege, ndiye munali chilichonse: nsalu, chikopa chopyapyala, ngakhale chikopa chongoyerekeza. Pa nthawiyo Ajeremani anali ndi Presstoff, mapepala opanikizidwa n'kupakidwa mankhwala kuti aoneke ngati chikopa. Zotsika mtengo, inde, koma chinyezi n'chimene chimazipha. Chamtundu wa mapepala chimafufuma n'kuyamba kusendeka ngati anyezi, ndipo mafuta a chikopa sachithandiza konse. Nsalu imapirira kuposa pamenepo, bola njenjete musazipatse mpata.

Chimodzi chimene chinandipusitsapo: chisoti chenicheni cha Germany, koma chikopa cham'kati chofiirira, chaukhondo mokayikitsa. Nkhondo itatha mu 1945, asilikali a Norway anapitiriza kuvala zisoti zosiyidwa, ndipo zambiri anazipakanso penti n'kusintha zikopa. Ndinachigula pa mtengo wa chosakhudzidwa. Nditafika kunyumba n'kusuzumira pansi pa lamba ndi tochi, ndinaona miyendo ya misomali itatu ija ili ndi zipsera zoti inawongoledwapo n'kupindidwanso.