Broka wa masheya mu Blantyre: amagula bwino, koma uphungu wake ndi woperewera

Munthu wamba sangagule yekha masheya (magawo a umwini wa kampani) pa msika wa Malawi Stock Exchange, umene uli m'nyumba yakale ya Reserve Bank mu msewu wa Victoria Avenue kuno ku Blantyre. Ayenera kudzera kwa broka, kampani yokhala ndi chilolezo chogula ndi kugulitsa masheya m'malo mwa anthu, ndipo makampani otere ndi owerengeka m'dziko muno. Ndakhala ndikugwiritsa ntchito imodzi mwa iwo kwa zaka zingapo, ndipo sindiitchula dzina chifukwa madandaulo ena amene ndilembe pano ndinawapereka kale kwa eni ake ndipo ndikuyembekeza kuti awakonza.

Kutsegula akaunti sikunavute. Anandipempha chiphaso cha unzika, umboni wa kumene ndikukhala ndi nambala ya akaunti ya ku banki, ndipo mayi amene anandithandiza anandifotokozera modekha kuti masheya masiku ano sakhalanso pa mapepala osunga m'sutikesi, koma amalembedwa pa kompyuta m'kaundula amene ali pansi pa Reserve Bank of Malawi. Ndikagula, amanditumizira kalata yosonyeza mtengo wa sheya iliyonse, komishoni yawo ndi zina zimene achotsa, ndipo sindinapezepo chiwerengero chosokonekera. Gawo langa la phindu limalowa lokha ku banki msonkho atachotsa kale. Pa mbali imeneyi ndilibe chodandaula, ndipo ndingalimbikitse aliyense kupita.

Vuto loyamba limabwera pamene mwapereka ndalama kuti akugulireni. Msika wathu ndi waung'ono: unayamba kugulitsa masheya mu 1996 ndi kampani ya NICO yokha, ndipo ngakhale tsopano uli ndi mayina akuluakulu monga National Bank, Standard Bank, Illovo, Press Corporation, TNM ndi Sunbird, masheya ambiri ali m'manja mwa eni ake akuluakulu ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni, amene sagulitsa kawirikawiri. Chotero pempho lanu likhoza kukhala masabata osapeza wogulitsa, mtengo ukukwera. Umenewu si mlandu wa broka. Mlandu wake ndi wakuti sakuuzani chimene chikuchitika pokhapokha mutaimba foni nokha, ndipo nthawi zina foniyo siyankhidwa, moti munthu wa ndalama zochepa amayamba kudzimva ngati wosafunika poyerekeza ndi makasitomala a mamiliyoni ambiri.

Chimene ndikufuna kukhalapo nthawi yaitali ndi uphungu, chifukwa ndi umene umasiyanitsa broka wabwino ndi kalaliki wongodinda mafomu. Kampaniyi imatumiza malipoti a msika ndipo nthawi zina imaitana makasitomala kuti akambirane. Malipotiwo ndi a m'Chingerezi chokhachokha, odzaza ndi manambala, ndipo uthenga wake waukulu ndi wakuti mitengo ya masheya yakwera. Zimenezi n'zoona. Chiwerengero choyezera msika wonse, chotchedwa MASI, chinakwera kuposa 50 peresenti mu 2023 ndiponso mu 2024, ndipo amene anagula masheya a FDH Bank pa K10 pamene bankiyo inalowa pa msika mu Ogasiti 2020, kapena a Airtel Malawi pa K12.69 mu Febuluwale chaka chomwecho, aona chuma chawo chikuchuluka kangapo. Koma maganizo amene ananditsegula maso pa zokambirana zina zimene ndinapitako sanachokere kutsogolo kumene kunakhala alangizi. Anachokera kwa anzanga ogula masheya amene tinakhala nawo m'mipando.

Bambo wina wachikulire, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, anati iye sakayika ngakhale pang'ono kuti masheya ndiye pothawira, popeza ndalama yosungidwa ku banki imapindula pang'ono pamene mitengo ya zinthu yakhala ikukwera pafupifupi 30 peresenti pa chaka. Mayi wina wochita malonda ku Limbe, amene amaitanitsa katundu kunja, anawayankha mwaulemu kuti phindu limenelo likuwerengedwa m'makwacha, pamene kwachayo inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo dola imene amaipeza yogulira katundu si ya mtengo umene umalembedwa pa zikwangwani za ku banki. Kwa iwo, funso silinali lakuti sheya yakwera bwanji, koma lakuti ndalamayo ingagule makatoni angati a katundu lero poyerekeza ndi kale. Achikulire ena anawonjezera mwambi wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, pokumbutsa kuti pa msika wa ogula ochepa ngati wathu, mtengo wolembedwa mu lipoti sukhala ndalama mpaka tsiku limene wogula wapezeka.

Funso limene linandikhudza kwambiri linali lokhudza mabanki, amene ndiwo akoka msika wonse. Mnyamata wina wowerengetsa ndalama anafunsa kuti zikutheka bwanji kuti mabanki azilengeza phindu lalikulu chaka ndi chaka pamene anthu akugona pa mizere ya mafuta a galimoto, mafakitale akusowa ndalama zakunja zogulira zipangizo, ndipo dziko lakumana ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 kenaka chilala mu 2024. Yankho lake limadziwika kwa aliyense amene amawerenga malipoti a pachaka: gawo lalikulu la phindulo limachokera ku ngongole zimene mabanki amabwereketsa boma pa chiwongoladzanja chokwera, makamaka kuchokera pamene Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024. Phindu lotere limadalira kuti boma lipitirize kubweza pa nthawi yake. Ku Ghana, boma litalephera kusenza ngongole zake ndi kusintha ndondomeko yobwezera ngongole za m'dziko momwemo kumapeto kwa 2022, mabanki ambiri analengeza kuti aluza. Sindikunena kuti zomwezo zichitika kuno, koma munthu amene akuika ndalama zake za penshoni m'masheya a banki ali ndi ufulu wouzidwa kuti chiopsezocho chilipo, makamaka pamene mgwirizano wa ngongole wa boma ndi bungwe la za chuma la IMF wa mu Novembala 2023 unatha mu Meyi 2025 usanafike kumapeto. Mlangizi anangomuyankha mnyamata uja kuti mabanki athu ndi olimba, n'kupita ku funso lina, ndipo ndinaona kuti yankho limenelo linali lochepa poyerekeza ndi kulemera kwa funsolo.

Pa nkhani ya utsogoleri wa makampani amene ali pa msika, broka wanga amangokhala chete. Chuma chikamafooka m'pamene nzeru za akuluakulu a kampani ndi mamembala a bodi zimaonekera poyera: kodi atenga ngongole zochuluka bwanji m'madola pamene malonda awo ndi a m'makwacha, akulipira gawo la phindu kuchokera ku ndalama zenizeni kapena ku ziwerengero za pa pepala, ndipo malipiro awo akukwera mofanana ndi zotsatira za ntchito yawo kapena ayi. Airtel Malawi inaluza mu 2023 ngakhale malonda ake ankakula, chifukwa kugwa kwa kwacha kunakulitsa zimene imayenera kulipira m'ndalama zakunja, ndipo phunziro limeneli likukhudza kampani iliyonse imene ili ndi ngongole zotere. Malamulo a msika amakakamiza kampani kuchenjeza anthu pasadakhale ngati phindu lake lisiyane ndi la nyengo yapita ndi 20 peresenti kapena kuposa, ndipo broka wanga amatumiza zidziwitso zimenezi mwachangu, chimene ndikuyamikira. Amatumizanso kalata zoitanira ku msonkhano wa pachaka wa eni masheya. Koma sanandiuzepo kuti ndikhoza kutuma munthu wina kukandivotera, kapena kuti kuli bungwe la MISALICO limene limayankhulira eni masheya ang'onoang'ono pa misonkhano imeneyi. Zonsezi ndinazimva kwa anzanga.

Owerenga ayenera kukumbukira kuti broka amapeza komishoni pamene mwagula kapena mwagulitsa, kaya mwapindula kaya mwaluza. Sindikuwanenera zachinyengo antchito a kampaniyi, chifukwa ndawaona kuti ndi anthu okhulupirika pa ndalama ndiponso aulemu, ndipo sanandikakamizepo kugula chimene sindinafune. Koma kakonzedwe ka malipiro kameneka kamachititsa kuti nkhani zolimbikitsa kugula zimveke mokweza kuposa zochenjeza, ndipo tsopano pamene aphunzitsi, anamwino ndi magulu a banki m'khonde ayamba kulowa pa msika atamva za phindu la anzawo, kufunika kwa chenjezo kwakula.

Ndipitiriza kugwiritsa ntchito kampaniyi pogula, pogulitsa ndi posunga masheya anga, chifukwa pa zimenezi sinandikhumudwitse. Amene akufuna kutsegula akaunti apite, koma afunse pa tsiku loyamba kuti komishoni ndi ingati, kuti adzauzidwa bwanji pempho lawo likachedwa, ndiponso kuti ndani adzayankha foni yawo. Ndapempha oyang'anira kampaniyi kuti zokambirana zina zizichitika m'Chichewa, ndiponso kuti lipoti la kampani iliyonse lizisonyeza ngongole zake za m'ndalama zakunja ndi kuchuluka kwa ndalama zimene yabwereketsa boma. Anandilonjeza kuti akambirana pempholi pa msonkhano wawo wotsatira.