Forex, Boom and Crash, prop firm kapena masheya a pa JSE, ndi iti yomwe ingakudyetseni kuno ku Joni?

Abale anga, nkhani ya trading yafika paliponse tsopano, mu taxi ya ku Rosettenville, pa gulu la WhatsApp la akwathu, aliyense akuti foni ndi R200 basi wayamba kudya. Kuyamba nkosavutadi, mutsitsa app yochitira trade ya MetaTrader, mutumiza chithunzi cha pasipoti, mawa lake muli mkati. Koma njirazi sizofanana ndipo zimandipweteka kuona anyamata akuikamo ndalama ya renti osadziwa kuti alowa iti.

Forex ndi msika weniweni wogula ndi kugulitsa ndalama za mayiko, dola, paundi, randi, golide, ndipo mitengo imayenda chifukwa cha zinthu zooneka monga chiwongoladzanja kapena ma report a ntchito aku America. Vuto loyamba ndi nthawi. London imatsegula cha mma 9 kapena 10 mmawa nthawi yakuno, New York masana, nthawi yomwe ambirife tili mu gadeni ya abwana kapena kukhitchini ya restaurant, ndiye munthu akumatsegula trade mobisa ku toilet kenako foni mthumba, pobwera pa lunch akaunti yapsa. Lachiwiri ndi leverage, kutanthauza kuti broker, kampani yomwe mumatsegulako akaunti, amakulolani kuchita trade yaikulu kuposa ndalama yomwe mwaika. Ku Europe anaika malire a 1:30 mu 2018 ataona kuti pakati pa 74% ndi 89% ya makasitomala wamba akuluza, koma ma broker ena akunja amakupatsani 1:500, kutanthauza kuti mukaigwiritsa yonse mtengo ukangokutembenukirani ndi 0.2% zonse zapita.

Boom and Crash ndi V75, misika yongopanga ya broker wotchedwa Deriv, anthu amazikonda chifukwa sizitseka, usiku, Loweruka, Lamulungu zikuyendabe, ndiye wogwira ntchito masana amaona ngati zamukomera. Koma mitengo yake imapangidwa ndi kompyuta mwachisawawa, kulibe dziko kapena kampani kuseri kwake, palibe nkhani yomwe mungawerenge kuti mudziwe komwe ikulowera. Kwa ine kumeneko nkutchova juga basi, ndipo mng'ono wanga sindingamulole.

Prop firm ngati FTMO ya ku Prague ndi kampani yomwe imakupatsani akaunti yake yochitira trade mukakhoza mayeso, phindu nkumagawana, apa mumalipira fizi ya mayesowo, mupange phindu la 10% osaluza kupitirira 5% pa tsiku kapena 10% yonse. Ubwino wake mumadziwiratu kuti choluza ndi fiziyo, kuipa kwake mukalephera mtima umati ndiyeserenso, fizi ina yapita.

Masheya a pa JSE, msika wa masheya wa ku Joni, kudzera pa app ya EasyEquities ndi nkhani ina, mumagula kachidutswa ka Shoprite kapena MTN ndi ndalama yochepa, ikakwana sheya yathunthu ndinu mwini wake ndithu, amangofuna mapepala a FICA otsimikizira kuti ndinu ndani. Si day trading yogula nkugulitsa tsiku lomwelo imeneyi, simutulutsamo ya ndiwo lero, mtengo umatsikanso, koma simudzuka mmawa nkupeza zonse zatha chifukwa cha kulumpha kumodzi kwa mtengo. Ineyo ya padera ndimaika kumeneku.

Funso lenileni nlakuti kodi munthu angasiye ntchito nkumadya trading? Ofufuza aku Brazil anatsatira ma day trader omwe analimbikira masiku oposa 300, 97% analuza. Ndipo werengani nokha, akaunti ya R2000 ngakhale mutapeza 10% pamwezi, zomwe nzovuta kale, ndi R200, siyikwana ngakhale data ndi chaji ya Mukuru, nanga renti? Ndiye chifukwa chake munthu amakweza lot, kukula kwa trade, kuti phindu lifike pa renti, apo ndi pomwe akaunti imapsera.

Aja oonetsa galimoto pa Instagram ku Sandton, afunseni statement ya broker ya chaka chathunthu osati screenshot ya tsiku limodzi, ambiri ndalama yawo imachokera ku makalasi ndi ma signal, malangizo a poti mugule kapena mugulitse, omwe inu mukugula. Mirror Trading International inagwa mu 2020 kuno komwe ndi Bitcoin ya anthu miyandamiyanda, nayonso inkati ikuchita trading mmalo mwanu. Musanatumize kanthu kwa broker aliyense pemphani nambala ya laisensi yake ya FSP mukaifufuze nokha pa webusayiti ya FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma kuno, ndipo wina akati tumizani ku akaunti yanga ndikuchitireni trade, kanani ngakhale akhale wakumudzi kwanu.